Udzudzu ukapulumuka pa pepala la mankhwala, majini ndiwo amanena chifukwa

Kuyeza ngati udzudzu wofalitsa malungo ukumvabe mankhwala ophera tizilombo kumayambira pa machubu a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Mumatenga udzudzu waukazi wa masiku 3 mpaka 5 womwe sunayamwepo magazi, n'kuika 25 m'chubu chilichonse. Machubu anayi amakhala ndi pepala lonyikidwa mu mankhwala ophera tizilombo otchedwa deltamethrin wa 0.05% kapena permethrin wa 0.75%, awiri amakhala ndi pepala lopanda poizoni. Pakatha mphindi 60 mumausamutsira m'machubu oyera, n'kuuikira thonje la madzi a shuga wa 10%, ndipo wakufa mumauwerenga pakadutsa maola 24. Ukafa 98% kapena kuposa, mankhwala akugwira. Ukafa wosakwana 90%, ndiye kuti wayamba kukana.

Udzudzu wa m'machubu opanda poizoni ukafa woposa 20%, zotsatira zonse zitayidwe, chifukwa chaupha ndi kutentha kapena kagwiridwe koipa. Pepala lisagwiritsidwe ntchito kopitirira kasanu ndi kamodzi, mphamvu yake imatha.

Koma chubu chimangonena kuti udzudzu wapulumuka, sichinena njira yomwe wapulumukira. Apa m'pamene ambiri amafulumira, ndipo zimandidetsa nkhawa. Poyamba dziwani mtundu wake. Mitundu ya udzudzu ya Anopheles gambiae, coluzzii ndi arabiensis imafanana kotheratu ngakhale pa maikulosikopu, imasiyanitsidwa ndi PCR, njira yoyeza DNA. Mukaisakaniza, imfa za 70% zomwe mwapeza zikhoza kukhala za mtundu umodzi wofa wonse ndi wina wosafa n'komwe.

Mu gambiae, chodziwika kwambiri ndi kdr, kusintha kwa jini ya m'mitsempha pamalo pomwe mankhwala amakagwira. Mtundu wa kdr wotchedwa L1014F unapezeka kumadzulo kwa Africa, wa L1014S ku Kenya. Anopheles funestus wa kummwera kwa Africa ali ndi njira ina: majini a CYP6P9a ndi CYP6P9b amapanga ma enzyme ochuluka omwe amaphwanya poizoni asanafike pa mitsempha. Wofufuza kdr yekha mu funestus angalengeze kuti kulibe vuto pamene udzudzu ukutera pa masikito osafa.

Njira yosavuta yotulukira zimenezi ndi kuika kaye udzudzu pa pepala la mankhwala otchedwa PBO a 4% kwa ola limodzi musanauike pa deltamethrin. PBO amatsekereza ma enzyme aja, choncho imfa zikakwera kwambiri, masikito okhala ndi PBO angathandize kuderalo.

Kasungidwe ka udzudzu woyezedwa nako kamawononga kafukufuku wambiri. Wakufa ndi wopulumuka musauphatikize, uliwonse ulowe m'kachubu kake kolembedwa bwino. Silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, amasunga DNA bwinobwino, koma RNA, yomwe imaonetsa mmene majini akugwirira ntchito, imaonongeka msanga. Ngati mukufuna kuona mmene majini a CYP6P9 akugwirira ntchito, ikani udzudzu m'madzi osungira RNA otchedwa RNAlater kapena mufiriji ya -80 °C mutangoupha.