Loweruka pa depoti ya Kasungu, tonse tinangoima

Lero ndinadzuka ndi pulani yaifupi basi, kupita pa boma kukatapa ndalama pa Mpamba, kugula makope a ana ndi sopo, kenako kubwerera msanga ndidzamalize assignment ya psychology imene ikufunika Lolemba. Ndimaphunzitsa sitandade 5 koma ndikuwonjezera sukulu, ndiye Loweruka ndi tsiku langa la mabuku. Dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa, 9 koloko yokha phiri la Kasungu linali likuoneka mwa chizimezime ndi fumbi komanso utsi wa m'minda.

Ndikutuluka mu sitolo kufupi ndi depoti ndinangomva khu! njinga yagwa. Mnyamata wa kabaza, sanakwane n'komwe zaka 25 pomuona, ali gone pafumbi thupi lonse litauma gwa, kenako anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka, thovu kukamwa, chidendene chikumenya sipoko za njinga yake yomwe. Nthawi yomweyo anthu tinamuzinga, ogulitsa mandasi, makondakitala, anzake a kabaza, azimayi ochokera kumsika, koma tonse chapatali ngati wina wajambula mzere pansi kuti apa musadutse. Wina akuti kachasu ameneyu m'mawa uno, wina akuti ayi chamba ichi, mayi wina akukuwa kuti musamukhudze thovulo likakugwerani nanunso mutenga. Mafoni awiri atatu anali m'mwamba kale kujambula.

Ine ndinali pomwepo, jumbo m'manja, nditangoti kakasi. Mumtima ndikuti pali azibambo ambirimbiri pano, pali anzake amene akumudziwa, mwinanso pali nesi pagulupa, wina achitapo kanthu. Ndikamalemba pano mtima ukundiwawa chifukwa mutu wa mnyamata uja unagunda pansi kangapo ine ndikuyang'ana.

Chimene chinandidzutsa ndi zimene ndinawerenga Lachinayi usiku mu module yathu. Mu 1964 ku New York mtsikana wina dzina lake Kitty Genovese anaphedwa pafupi ndi nyumba yake, nyuzipepala n'kulemba kuti anthu 38 anaona kapena kumva koma palibe anathandiza. Pambuyo pake zinadziwika kuti nambalayo anaikokomeza, komabe nkhaniyo inawavuta akatswiri awiri, John Darley ndi Bibb Latané, mpaka anachita kafukufuku amene anatuluka mu 1968. Ankamuika wophunzira m'kachipinda yekhayekha akucheza ndi anzake pa maikolofoni osaonana, kenako mmodzi wa anzakewo, amene kwenikweni anali mawu ojambulidwa kale, amayamba kumveka ngati wagwa khunyu akupempha thandizo. Khunyu yomweyi abale, ngati ya lero. Amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 mwa 100 anatuluka kukaitana thandizo mawu a wodwalayo asanaduke. Amene ankaganiza kuti pali anthu ena anayi akumvanso, 31 okha mwa 100. Amati bystander effect, anthu mukachuluka udindo umagawanika mpaka aliyense amatsala ndi kachidutswa kosakwana kumusuntha phazi. Chinandikhudza kwambiri powerenga n'chakuti amene sanatuluke aja sikuti anali ouma mtima, ambiri anawapeza ali ndi nkhawa, akufunsa ngati munthu uja ali bwino.

Ndiye ndinaika jumbo pansi. Sindinakuwe kuti tithandizeni anthuni, chifukwa anthuni si dzina la munthu. Ndinaloza mmodzi, achimwene inu a jezi ya Bullets, chotsani njingayi akudzipweteka nayo. Anaichotsa pompo, ngati amangodikira kuuzidwa. Amayi inu a nthochi, ndibwerekeni chitenje. Anamasula chapamwamba osafunsa, ndinachipinda n'kuchiika kunsi kwa mutu wake. Kwa mnyamata wina wojambula ndinati achimwene siyani vidiyo, onani nthawi pafonipo, zikapitirira mphindi zisanu tithamange naye kuchipatala. Anachita manyazi, anatsitsa foni n'kuyamba kutiwerengera nthawi mokweza.

Bambo wina anabwera ndi supuni kuchokera pa tiyirumu kuti amuike mkamwa asameze lilime. Ndinawakaniza mwaulemu, bambo pepani munthu sangameze lilime lake, supuniyo ingomuthyola mano. Munthu wa khunyu sumugwira mwamphamvu, sumuika kanthu mkamwa, sumumwetsa madzi, umangoteteza mutu, zikaleka umugoneka cham'mbali kuti malovu atuluke. Ndipo khunyu sipatsirana, kaya thovu kaya mpweya, ndi vuto la mu ubongo. Thovu lake linandigwera pamkono anthu akuona, ndinangopukuta ndi nsonga ya chitenje. Nditatero mayi uja amene amakuwa anasendera pafupi n'kugwada, iyeyo ndi amene anandithandiza kumutembenuza.

Zisanakwane mphindi zitatu zinaleka. Anagona kaye akupuma mwamphamvu, kenako anatsegula maso akuyang'ana uku ndi uku osazindikira pamene ali. Buluku linali litanyowa, ndiye tinamufunditsa chitenje chija m'chiuno. Mawu ake oyamba anali akuti njinga yanga ili kuti. Osati mutu wanga, osati ndili kuti, njinga. Inali itatsamira khoma, kampando kake kakumbuyo kosokedwa bwino ndi nsalu yofiira ya mphonje, zikuonekeratu kuti mwini wake amaisamala ngati mwana.

Tinamukhazika pamthunzi, mpamene anandiuza chapansipansi kuti matendawa ali nawo kuyambira ali mwana, mankhwala amalandira koma anasiya masabata awiri apitawo chifukwa amamugonetsa tulo ndipo pa kabaza ukachedwa m'mawa makasitomala apita. Anzake a pa siteji sanawauzepo, amaopa kuti zikamveka palibe adzakwere njinga yake. Ndinamuchonderera kuti achimwene pitani kuchipatala lero lomwe mukawauze za tulozo, mankhwala a khunyu sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo alipo a mitundu ingapo adokotala akhoza kuona chochita. Mnzake mmodzi, yemwe uja amanena za kachasu, ndi amene anamukweza pa njinga yake kupita naye, maso ali pansi.

Pobwerera pa minibasi mawu aja a kachasu ndi chamba amangozungulira m'mutu. Mu module yomweyo muli china chimene Lee Ross anachitcha fundamental attribution error mu 1977, kuti mnzathu akapunthwa timathamangira kunena kuti ndi khalidwe lake, chidakwa, waulesi, wamwano, osafunsa zimene zamuzungulira. Koma tikapunthwa ife timadziwa kufotokoza bwinobwino kuti kunali mwala panjira. Apa ndinakumbuka mtsikana wina m'kalasi mwanga amene amagona pa desiki pafupifupi tsiku lililonse ikangokwana 10 koloko. Teremu ino ndamunena waulesi kawiri pamaso pa anzake. Sindinamufunsepo ngati amadya m'mawa, kapena amadzuka nthawi yanji kukatunga madzi, kapena ngati nayenso pali mankhwala amene akumwa. Zandipweteka kwambiri zimenezi kuposa za pa depoti, chifukwa pa depoti ndinachedwa mphindi imodzi koma kwa mwanayu ndachedwa teremu.

Madzulo tikusenda nthochi ndinawafotokozera apongozi anga zonse, mpaka za azungu a kafukufuku aja. Anamvetsera mpaka kumapeto kenako anati mwananga, nanga pamaliro mumaona a mfumu akuti aliyense agwire ntchito? Amatchula, adzukulu kumanda, azimayi a mbumba yakuti kumadzi, akutiakuti nkhuni, uje kauze a kuchimuna. Akangoti aliyense, maliro angagone panja. Ndinangoti zoona amayi. Anawonjeza kuti kumudzi mnyamatayo sakanagona pafumbi choncho chifukwa aliyense akanadziwa kuti ndi mwana wa yani, pa boma ndiye aliyense ndi mlendo wa mnzake. Apa ndinawatsutsa pang'ono, chifukwa kumudzi komweko ndaonapo ana a khunyu akudyera mbale yawoyawo ndipo ena osawatumiza n'komwe kusukulu, kudziwana kokha sikuchotsa mantha a thovu aja. Sanayankhe, anangoti hmm n'kupitiriza kusenda.

Assignment ndalemba tsamba limodzi lokha, magetsi anazima cha m'ma 7 ndipo pano ndikulemba izi pafoni batire ili pa 14. Lolemba pa buleki ndimuitana mtsikana uja payekha, anzake asaone, ndikamufunse bwinobwino. Chitenje cha amayi a nthochi mnzake wa mnyamata uja anandibweretsera ndisanakwere minibasi, ndachichapa chili pachingwe, Lachiwiri ndikaweruka ndikawapatsa.