Dzanja langa linandiyalutsa ku Asakusa

Abale, dzanja la Mmalawi lili ndi nzeru zakezake, likangokhudza chakudya choyera chotentha silifunsanso kwa mutu. Ine ndinali ku Tsukuba, ku Japan, pa maphunziro a ulimi wa mpunga, nde Loweruka lina ndinakwera Tsukuba Express kupita ku Asakusa kukaona kachisi wa Senso-ji uja aliyense amajambulitsa pa geti lake pali chinyali chachikulu chofiira. Pofika masana njala inali itandipinda. Aphunzitsi athu anali atatiuza kuti ku Asakusa komweko kuli shopu ya onigiri, mpunga woumba uja wokhala ndi ndiwo pakati, yakale kuposa zonse mu Tokyo, inatsegulidwa mu 1954, koma nditaona mzere wake ndinati ayi, mpunga sindingauimire pa mzere ngati ndi fetereza wa makuponi. Ndinakhota kanjira kena nkupeza kashopu kena kakang'ono, kansalu kabuluu kali lende pakhomo, mkati mipando yowerengeka pa kauntala basi.

Kuseri kwa kauntala kunali agogo ena aakazi, afupi, kansalu kumutu. Anandipatsa kathawelo konyowa kotentha kopukutira m'manja, ine mumtima ndinati anthu awa ndi abale athu, sadya osasamba m'manja. Menyu inali pa timatabwa pakhoma, chi Japan chokhachokha, nde ndinangoloza mu galasi. Koyamba nsomba ya salmon, imeneyo ndinaizindikira. Kachiwiri tizipatso tofiira tokwinyika tooneka ngati tokoma, ndinati aka kakhala kotsukira mkamwa.

Mmene amaumbira agogo aja ndi zoti uime uonere. Amanyowetsa manja, kamchere pang'ono m'zikhatho, kutapa mpunga wotentha m'chibeseni chathabwa, ndiwo pakati, kenako kukanikiza mopepuka kangapo chabe uku akutembenuza mpaka katuluke ka makona atatu. Safinya ayi. Luso lonse lili poti mpunga ugwirane kunja koma mkati mukhale mpweya, ukaluma uzingomwazika wokha mkamwa. Mpunga wakenso ndi waufupi womatana, osati Kilombero wathu wa ku Karonga woti mbewu iliyonse imayenda payokha. Zonsezi ndinazimva mkalasi, mutu unkadziwa bwinobwino. Pomaliza anakulunga ndi nori, chipepala chakuda chija chopangidwa ndi ndere za m'nyanja, nkundiikira patsogolo pamodzi ndi supu ya miso, yopangidwa ndi soya wosasitsa, ndi tizidutswa tachikasu ta takuan, radishi wosungidwa mu mchere.

Ndinasuzumira kwa bambo amene anakhala pambali panga, a suti yawo, ndinaona akudya ndi manja. Eee, timitengo tija lero tapuma! Apa mpamene dzanja linalanda boma. Ndisanaganize nkomwe linali litafunyulula nori nkumuika pambali, latema nthongo, layamba kukanya, chala chachikulu chaboola kadzenje pakati, lapita kukasunsa mu supu. Ntchito yonse ya agogo ija, mpweya uja anausunga mosamala, ine ndaufinya mpaka mpunga wasanduka phala lolimba lomata zala zonse zisanu. Theka la nthongo linatsalira mu supu nkumira. Ndinalitsatira ndi zala. Supu ija inali yotentha abale, ndipo ku Japan supu ya miso amamwera m'mbale momwemo, sapisamo dzanja.

Shopu yonse inangoti zii. Anthu ake saseka munthu pamaso, nde chimene chimapweteka kwambiri nchimenecho, bola akanaseka tonse tithane nazo. Bambo a suti aja anayamba kuyang'anitsitsa khoma ngati palembedwa nkhani yofunika. Agogo anangotenga kathawelo kena nkundipatsa ndi manja awiri, kenako ananyamula manja awo m'mwamba kundionetsa, gwira chonchi, luma pansonga. Komabe tinene zoona, nthongo yosunsa mu miso ija inkakoma, ndipo mpaka lero palibe amene wandipatsa chifukwa chomveka choletsera.

Kachiwiri kaja ndinati ndionetse kuti kwathu tinaleredwa. Ndinagwira ndi manja awiri, nori ali pompo akuti khirichi khirichi, kuluma kamodzi bwinobwino, agogo akugwedeza mutu. Pofuna kuwasangalatsa ndinaluma chachikulu mpaka pakati, kachipatso konse kalowa mkamwa. Amayo! Ndi umeboshi ameneyo, chipatso cha ume chomwe amachisunga mu mchere wambiri nkuchiyanika padzuwa, kufiirako ndi masamba a shiso. Kuwawasa kwake bwemba ndi mwana, kuphatikiza mchere woti nsagwada zinauma, diso lamanzere linatsinzina lokha, misozi mbwee. Agogo akufunsa "oishii?", kutanthauza kuti chikukoma, ine ndikugwedeza mutu uku ndikulira.

Nde mkati mwake munali nthanga, yolimba yosongoka. Kulavula pamaso pa anthu nditawaonetsa kale zija? Ayi. Kumeza, ndinaganiza za inshuwalansi. Ndinaikankhira kutsaya kuti ndikataye panja, osakumbuka kuti misewu ya Tokyo mabini ndi osowa, komabe imeneyo inali nkhani ya mtsogolo. Ndinamwa tiyi wobiriwira ndi mbali imodzi ya kamwa, nkuimirira kukalipira.

Kumeneko ndalama supereka m'manja, umaika m'kambale kali pa kauntala. Ndinaika 1,000 yen yanga bwinobwino. Kenako ndinakumbuka mawu amene anatiphunzitsa kuti ukatha kudya uzithokoza nawo, gochisousama deshita, ndipo ndinali nditawaloweza usiku wonse, sindikanalola kuti apite pachabe. Ndinawerama mwaulemu, kutsegula pakamwa ndi mphamvu zonse, pa "chi" pomwepo nthanga inatuluka ngati yaponyedwa ndi legeni, inagunda galasi, nkugwera m'kambale ka ndalama kuti ngwee, nkuzungulira kaye isanaime.

Bambo a suti aja apa anagonja, mapewa anayamba kugwedezeka, nkhope yabisidwa m'mbale ya supu. Agogo sanasinthe nkhope olo pang'ono. Anachotsa ndalama ija, kuwerenga chenji, kuika m'kambale momwemo pambali pa nthanga, nkundikankhira zonse ndi manja awiri atawerama. Nde ine nkutani, ndinatola chenji changa ndi nthanga yanga, zonse m'thumba la malaya, nkutuluka chammbuyo ndikuwerama mpaka kansalu ka pakhomo kanandikola m'khosi.