Ulendo wathu wa ku Trangen

Tinanyamuka ku Oslo m'mamawa Loweruka, Amalawi khumi ndi mmodzi okhala kuno ku Norway, pa minibasi yomwe tinachita kusonkherana. Ku Kongsvinger tinangoima pang'ono kuona linga lakale lili pamwamba pa phiri, kenako tinatsata mtsinje wa Glomma mpaka ku Flisa. Mayi wina anaiwala thumba la mandasi kunyumba, ndipo nkhani yake sinathe mpaka madzulo.

Trangen ndi kampata kopanikizika pakati pa zitunda, m'mbali mwa mtsinje wa Flisa. Ukangofika umadabwa kuti nkhondo inakwanamo bwanji. Pa 25 Epulo 1808, Carl Pontus Gahn analowa muno ndi asilikali a Sweden pafupifupi 500. Nthawi imeneyo Norway inali pansi pa mfumu ya Denmark, yomwe inali mbali ya Napoleon, pomwe Sweden inkagwirizana ndi Britain. Ndiye anthu oyandikana nyumba ankaphana pa mkangano wa eni ake akutali.

Kutsogolo Gahn anapeza njira itatsekedwa ndi mitengo yogwetsa dala. Ali mkati molimbana pamenepo, mtsogoleri wa asilikali a Norway, Bernhard Ditlef von Staffeldt, anawolotsa anthu ake pamtsinje woundana n'kumudzera kumbuyo. Ena mwa asilikali a Norway ankayenda pa ma ski, timatabwa tomanga kumapazi toyendera pa chipale chofewa. Zimenezi ndinazimvetsa nditangopatuka pamsewu: chipale chofewa chinandimeza mpaka m'mawondo, nsapato imodzi n'kutsalira momwemo, anzanga ali gwadagwada kuseka. Tsono munthu wosenza mfuti ndi katundu, adani ali uku ndi uku, akanathawira kuti? Zipolopolo zitawathera, Gahn anagonja ndipo anagwidwa pamodzi ndi anthu ake ambiri.

Amene anatitsogolera anakhalitsa pa nkhani ya kaputeni Nicolay Peter Drejer wa mbali ya Norway, yemwe anakwera pachitsa n'kumawombera anyamata ake akumupatsira mfuti zothira kale onga. Anamulasa kangapo, namwalira patapita masiku ochepa. Ena m'gulu ankati n'chamuna. Ine ndinkangoganiza za anyamata opatsira mfutiwo, oti mayina awo sitinawamve n'kamodzi komwe.

Gahn uja sanakhaule. Mu 1814 anabweranso ndi gulu lina, ndipo mu Ogasiti Andreas Samuel Krebs wa mbali ya Norway anamugonjetsa ku Lier ndi ku Matrand. Pobwerera tinagwirizana kuti ulendo wotsatira ndi wa ku Matrand, koma nyengo yotentha, ndipo mandasi adzasunga ndi msungichuma.