Zikomo a matroni, a nesi ndi atsikana a mu hostelo

Zotsatira za mayeso a MSCE zatuluka ndipo mwana wanga wamkazi wakhoza. Abale mukundiimbira foni kundiyamikira, koma amene anagwira ntchito yaikulu ndi ena, ndipo ndikufuna ndiwathokoze pagulu.

Ife kwathu ndi ku Mtakataka, kotentha. Mwanayu atasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera komweko, kumtunda kwa Dedza, tinamugulira bulangeti limodzi ndi juzi imodzi n'kumati zakwana. Sitinkadziwa kuti mphepo ya June ndi July kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Sitinkadziwanso kuti chifuwa chimene chinkamutsokomoletsa usiku kuyambira ali wamng'ono chinali mphumu.

Ali Fomu 2, foni inalira cha m'ma 11 koloko usiku. Anali a matroni. Anati, "Mayi, mtima m'malo, tili naye kuchipatala, wayamba kupuma bwino." Nthawi imeneyo galimoto yokwera msewu wa m'mapiri wa Khwekhwelere ndikanaipeza kuti? Ndinachezera kupemphera. M'mawa nditafika muwodi ndinawapeza atakhala pansi pambali pa bedi, atangofunda chitenje chimodzi, bulangeti lawo atamufunditsa mwana wanga. Amayi inu, chimene ndinaona m'mawa umenewo sichidzachoka m'maso mwanga.

Ndinene zoona, tsiku lomwelo ndinkafuna kumutenga basi. Kumudzi ena ankati amuchita chipongwe chifukwa cha sukuluyo, ena ankati mankhwala opopera m'kamwa ukangowayamba susiyanso ndipo amafooketsa mtima. A nesi a pasukulupo ndiwo anandikhazika pansi. Anandifotokozera modekha kuti mphumu imatupitsa njira za mpweya m'chifuwa, ndipo kuzizira, fumbi kapena utsi zikamupeza njirazo zimafinyika. Kopopera kabuluu, ka salbutamol, n'kotsegula njirazo akabanika, pamene kabulawuni n'kopopera tsiku ndi tsiku kuti asamabanike, ndipo akatha azichukucha m'kamwa. Kenako anatenga botolo lapulasitiki lotsukidwa bwino, analiboola kumatako, n'kulowetsapo kopopera kaja. Anamuonetsa kupopera kamodzi n'kukoka mpweya pang'onopang'ono kukamwa kwa botolo kuti mankhwala afike m'mapapo, asathere pakhosi. Botolo limenelo analisunga mpaka Fomu 4.

A hedi, zikomo pomuchotsa pa ntchito yosesa ndi kusunthira bedi lake kutali ndi zenera. Abambo a kukhitchini, chidebe cha madzi otentha chimene munkamusiyira m'mawa uliwonse nyengo yozizira ndinachimva, ngakhale sitinaonanepo.

Panali nthawi ina imene mwanayu anayamba kubisa mankhwala ake chifukwa cha manyazi, poti ena ankamutcha wodwaladwala. Ine sanandiuze. Aphunzitsi aakazi amene amapereka uphungu ndiwo anaona kuti wayamba kudzipatula, ndipo anamuitana kangapo kukacheza naye. Pambuyo pake a nesi analankhula ndi hostelo yonse za mphumu, kuti siyopatsirana komanso zoyenera kuchita mnzawo akabanika. Kuchokera pamenepo atsikana a m'chipinda chake anayamba kuwaza madzi pansi asanasese, kumuchapira yunifolomu kukazizira, ndipo aliyense ankadziwa kuti kopopera kamakhala pansi pa pilo. Ana anga, makolo anu anakulerani bwino.

Mayeso omalizawa analemba m'nyengo yozizira yomweyo, atavala majuzi awiri, kopopera kali patebulo la oyang'anira mayeso. Sanaphonye pepala ngakhale limodzi.

Loweruka likudzali ndikwera kumeneko ndi thumba la mpunga wa ku Bwanje ndi usipa pang'ono zokapereka ku hostelo. A matroni, ulendo uja munakana nkhuku yanga kuti ndikaphikire wodwala. Wodwalayo wachira ndipo ndi amene adzainyamule, ndiye chonde ulendo uno mudzailandire.