Ndakatulo zoyamba za a Mapanje: Chichiri, London, Zomba

Dzina la a Jack Mapanje likangotchulidwa, ambiri maganizo amathamangira ku ndende ya Mikuyu, kumene anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu. Komatu buku lawo loyamba, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndende isanawaone. Temu ino ndakhala ndikuliwerenga ndi funso limodzi: ndakatulo izi anazilembera kuti, ndipo liti?

Bukuli ndi ntchito ya zaka pafupifupi khumi. Chiyambi chake ndi cha mu 1970, pamene gulu la alembi la Writers' Group linayamba pa Chancellor College. Nthawi imeneyo kolejiyi inali ikadali ku Chichiri mu Blantyre. Ku Zomba inasamukira mu 1973. Ophunzira ndi aphunzitsi ankakumana, wina n'kuwerenga zimene walemba, anzake n'kumazisenda. Lamulo lounika mabuku la 1968 linali likuluma kale, ndipo makoma anali ndi makutu. N'chifukwa chake a Mapanje, mnyamata wa kwa Kadango ku Mangochi, anabisala m'nthano za makolo, makamaka ya bilimankhwe, kanyama kosinthasintha khungu kaja. Aliyense m'chipindamo ankamva chimene chikunenedwa, koma wofuna kukaneneza analibe pogwira.

Kenako anapita kukaphunzira ku London, ndipo gawo lachiwiri la bukuli ndi la kumeneko. Mawu ake ndi omasukirapo, a mlendo amene akuyang'anitsitsa mzinda wa atsamunda ndi maso akeake.

Gawo limene landigwira mtima ndi la atabwerako, akuphunzitsa ku Zomba chapakati pa zaka za m'ma 1970. Apa pakutulukira dzenje la Chingwe, la pamwamba pa phiri la Zomba, limene anthu amati kale ankaponyamo anzawo. Zaka zimenezo aphunzitsi ena a pa kolejiyi ankangotengedwa n'kukatsekeredwa, ndipo Mikuyu ili m'boma lomwelo la Zomba. Munthu polemba za dzenjelo ankaliona phirilo tsiku lililonse popita kuntchito, akudziwa kuti mnzake wa mu ofesi yoyandikana palibe. Ukadziwa zimenezi, mizere ya ndakatulozi imalemera kwambiri, ndipo sudabwa kuti mu 1985 boma linalichotsa bukuli m'masukulu ndi m'masitolo.

Tsopano m'kope langa, pambali pa ndakatulo iliyonse ndikulembapo malo ndi zaka zake ndisanayambe kuimasulira.