Ulendo wa kalabu yathu ku Mangochi: fetereza wathu akuthera m'nyanja

Mwezi wathawu kalabu yathu ya alimi a m'dambo la Bwanje inapita ku Mangochi kukacheza ndi asodzi a m'makomiti a m'madooko, aja amati ma BVC. Anatiitana chifukwa mtsinje wa Bwanje, womwe timalima m'mphepete mwake, umakathira m'nyanja ya Malawi, ndiye ankafuna tikadzionere tokha zimene madzi athu amanyamula.

Tinayambira pamlatho wa Bakili Muluzi, pomwe Shire amadutsa popita ku nyanja ya Malombe. Namasupuni ankangoyandama timagulutimagulu. Mlangizi wa zausodzi anatifotokozera mosavuta. Urea ndi NPK amene mvula imakokolola m'minda, ndowe za ng'ombe komanso zonyansa za m'zimbudzi zosefukira, zonsezi ndi chakudya cha zomera. Kumunda zimakulitsa chimanga, zikafika m'madzi zimakulitsa namasupuni ndi ndere. Zomerazi zikafa n'kuyamba kuola zimamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kuthawa kapena kufa. Namasupuniyu kwawo ndi ku South America, koma kuno wakhazikika moti ku Liwonde amachita kumuvuula ndi makina kuti asakatseke malo opangira magetsi ku Nkula.

Ku Malombe asodzi sanatiunjikire mlandu wonse, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezi. Anavomereza okha kuti chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makamaka chifukwa cha makoka a maso aang'ono, ndiponso kuti ma BVC anayamba mu 1993 pofuna kukonza zimenezo. Koma ukonde ukadzaza udzu ndi ndere umalemera, umang'ambika, tsiku lonse limathera kusoka. Amayi nawo anadandaula za nkhono zofalitsa likodzo, zimene zimabisala m'zomera za pamalo pomwe ana amasamba.

Chimene chinandigwira mtima ndinachiona ku Chembe, m'paki ya Lake Malawi National Park yomwe bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984. Madzi ake ndi oyera, ndipo tinaona nsomba za mbuna zikudya ndere pamiyala. Ndere yapang'ono ndi chakudya chawo. Vuto limabwera ikachulukitsa, kapena matope ochokera kumtunda akakwirira miyalayo. Matopewo ndi nthaka yathu yomweyi, yopita pamodzi ndi fetereza amene timagula movutikira.

Pobwerera tinakangana m'basi. Ambiri tinagwirizana zokonza akalozera, kudzala vetiva ndi nsungwi m'mbali mwa mtsinje, ndiponso kukwirira fetereza m'malo momwaza pamwamba. Amayi ena anakana zosiya mpata kugombe, ati dimba lawo ndi laling'ono kale ndipo chinyezi chili komweko. Akunena zoona, ndipo sitingawakakamize popanda kuwapezera njira ina yothirira. Nkhaniyi taitula kwa amfumu, ndipo asodzi aja alonjeza kudzaona madimba athu mvula isanayambe.