Soya wanga wasiya kununkha

Lero m'mawa ndamwa kapu yodzaza ya mkaka wa soya wopanga ndekha, osagwira mphuno. Masabata awiri athera pa kanthu kamodzi aka!

Chiyambire Meyi ndinasiya za pachiwaya, ndipo mafuta ophikira ndinatsitsa kufika sipuni imodzi pa mphika. Kuno ku Dedza zimenezi n'zofunika kulimba mtima, chifukwa chisanu cha mu Juni chimakukokera chokha ku tchipisi ndi kanyenya. Masamba sanandivute. Mpiru, nkhwani, khwanya, ndimangotendera basi, ngakhale nsinjiro nazo ndachepetsako dzanja nditadziwa kuti pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta.

Wandionetsa zakuda ndi soya. Ndinkamuviika m'madzi ozizira usiku wonse, m'mawa n'kusinja mumtondo, kusefa pa kansalu, kenako kuwiritsa. Fungo lake la uwisi lokhalokha, lomata kukhosi mpaka masana. Miphika inayi ndinapatsa nkhumba za aneba. Ndinati mwina soyayo ndi wogonera, ndinagula wina, chimodzimodzi. Ndinayesa kuyamba ndakazinga, kunatuluka timadzi tofiirira tonunkha chipserera. Tsiku lina ndinafinyiramo ndimu kuti aphe fungolo, mkaka wonse n'kugwirana mibulumibulu, ndipo ndinakhala pansi pakhonde mtima utawawa.

Anandipulumutsa ndi mayi amene ndimawagula nyemba ku Lizulu. Ndi omwe aja ndinakuuzani chaka chatha kuti anandiphunzitsa kufutsa chitambe, ndipo nyemba zawo sizichedwa pamoto, n'chifukwa chake ndimalolera kukwera minibasi kukagula komweko. Nditawadandaulira anati, "Achimwene, soya wouma ndi madzi ozizira sagwirizana. Madzi ayambe abwadamuka, inu muzithira pang'onopang'ono, kuwira kusaleke."

Ndinatero. Mphindi 30 pamoto, kenako m'madzi ozizira, kufikisa ndi manja mpaka makoko onse atayandama, ndiye kusinja. Mkaka unatuluka woyera, fungo zii. Ndadzawerenga kuti m'soya muli enzayimu yotchedwa lipoxygenase, imene imadzutsa fungo lija soya wosweka akakumana ndi madzi osatentha, ndipo moto umaiphera pomwepo. Zotsalira pa kansalu sindinataye, ndasakaniza ndi mgaiwa n'kuphika chikondamoyo.

Chikundidetsa nkhawa pano ndi vitamini B12. M'masamba, m'nyemba ngakhale m'soyamu mulibe, ndiye usipa kawiri pa sabata ndi dzira lowiritsa sindinasiye. Mapilitsi ake ndawaona ku famase, koma ndikufuna ndikayezetse kaye magazi ndimve kwa achipatala. Tiyi ndinasiya kumwera pa nsima chifukwa amatsekereza ayironi wa m'masamba, ndikatha kudya ndimaluma gwafa.

Mibulu ya ndimu ija ndauzidwa kuti ndiyo chiyambi cha tofu, chakudya chogwirana ngati tchizi chopangidwa kuchokera ku mkaka wa soya, moti Loweruka ndiyesa kuipanikiza ndi mwala. Dzinja likubwerali ndikufuna theka la ekala likhale la soya wanga ndekha, mwinanso ndiyambe yogati. Alipo pakati panu amene wayesapo tofu wa ndimu, ndipo munafinyira angati pa lita?